Unyago, Sadaka ndi Ziyala: Kuwerenganso Zimene Zinalembedwa pa Domasi

Mwezi wa Ogasiti ukafika, munthu wochokera ku Mangochi kupita ku Zomba sachita kufunsa ngati nyengo ya zinamwali yakwana. Akangowoloka Shire pa Liwonde n'kuyamba kukwera chitunda cha ku Machinga, amakumana ndi magulu a amayi ndi achinyamata m'mphepete mwa msewu, ng'oma ya manganje ili patsogolo, fumbi lili koboo pambuyo. Pofika pa Domasi, pomwe mtsinje wa dzina lomwelo umatuluka m'chigwa cholekanitsa phiri la Zomba ndi la Malosa n'kulunjika kunyanja ya Chilwa, amakhala atadutsa magulu otere angapo. Kumtunda kwa chigwacho kuli tchalitchi chakale cha Mishoni ya Domasi, ndipo m'midzi yozungulira muli mizikiti. Belu, adhana ndi ng'oma zimamveka m'dera limodzi, nthawi zina tsiku lomwelo.

Ife a m'mphepete mwa nyanja tili ndi chifukwa chokumbukira malo amenewa. Mu 1884 mbusa wa ku Scotland, Alexander Hetherwick, anatsegula mishoniyi m'dziko la Mfumu Malemia, pakati pa Ayao. Iye ndi anzake a mpingo wa Church of Scotland anali m'gulu la anthu oyamba kulemba papepala za miyambo ndi zikondwerero za makolo athu: unyago, nsembe za ufa, maliro ndi madyerero ake. Ambiri mwa ife ndife Ayao, ndipo ngakhale Asilamu a Chichewa a ku Nkhotakota ndi Salima amadziwa jando, sadaka ndi ziyala ngati zawo. Zimene analembazo sizinafe. Zimawerengedwa m'mayunivesite, zimabwerezedwa m'mabuku atsopano, ndipo mlendo wofuna kutidziwa amayambira pamenepo. Ife eniake, amene tinakulira kumadrasa ndi kundagala, sitiziwerenga kawirikawiri. Taziwerenganso, ndipo tikufuna kuziweruza mwachilungamo, chifukwa cholakwa chimene tachipeza m'menemo tachipezanso m'nyumba zathu lero.

Tiyambe ndi kupereka ulemu pomwe pakuyenera ulemu. Hetherwick anamvetsera Chiyao moleza mtima kuposa alendo ambiri amene anabwera pambuyo pake. Mu 1889 anatulutsa buku lophunzitsira chinenerochi, lotchedwa Introductory Handbook of the Yao Language, lokhala ndi malamulo a chinenero ndi mndandanda wa mawu, ndipo anamasuliranso mbali za Baibulo m'Chiyao. Mu 1902 analemba nkhani m'magazini ya akatswiri a za miyambo ya anthu ku London yofotokoza zikhulupiriro za Ayao pa mizimu. M'menemo muli lisoka, mzimu wa munthu, muli nsembe zoperekedwa kwa makolo, mulinso kafukufuku wa momwe liwu lakuti Mulungu linkagwirira ntchito asanabwere amishoni. Iye asanafike, mnzake Duff Macdonald, amene anakhala ku Blantyre kuyambira 1878 mpaka 1881, anali atatulutsa kale mabuku awiri otchedwa Africana mu 1882. Loyamba ndi la miyambo ndi zikhulupiriro, lachiwiri ndi la moyo wa pamishoni. Nthano, zilapi ndi miyambo ina imene lero palibe wa ife angaikumbukire yonse inasungidwa m'mabuku amenewa. Munthu woona mtima sangakane kuti anatisungira chuma.

Pambuyo pa amishoni panabwera madokotala a boma la atsamunda. Hugh Stannus, amene anagwira ntchito ku Zomba, analemba pamodzi ndi J. B. Davey mu 1913 za chinamwali cha anyamata chotchedwa lupanda, chimene chinalipo jando lisanafike. Meredith Sanderson naye analemba za inyago, zithunzi zoumbidwa pansi ndi dothi n'kuzikongoletsa ndi ufa, zimene anamwali ankaonetsedwa ndi kuphunzitsidwa tanthauzo lake. Apa pali vuto loyamba limene owerenga a kunja saliona. Zambiri mwa zimenezi zinali chinsinsi cha kusimba, chimene ngakhale mayi wobereka mwanayo sankaloledwa kuchiona. Olembawa anazisindikiza m'Chingerezi kuti aziwerenge anthu a ku Ulaya, ndipo eni mwambo analibe mawu pa nkhaniyo. Ife sitizibwereza pano. Tikungonena kuti chithunzi cha inyago chikachotsedwa pansi pomwe chinaumbidwa usiku, pamaso pa mnyamata wamantha ndi mlombwe wake, n'kuikidwa pa tsamba la buku, chimakhala chitaluza ntchito yake yonse yophunzitsa.

Vuto lalikulu, komabe, lili pa funso limene amishoniwo anabwera nalo. Iwo ankafuna kudziwa chinthu chimodzi: kodi anthu awa amakhulupirira chiyani? Ankafunsa choncho chifukwa ntchito yawo inali yosintha chikhulupirirocho. Mutu wonse wa buku la Macdonald umatchula dziko lino kuti mtima wa Africa wachikunja, ndipo liwu limenelo linatsogolera cholembera chake ngakhale pomwe ankalemba mwachifundo. Kwa munthu wofunsa funso limeneli, chikondwerero chilichonse ndi umboni chabe wa zimene zili m'mutu mwa anthu. Ufa wothiridwa pansi pa mtengo ukusonyeza kuti amakhulupirira mizimu. Mowa wa pamaliro ukusonyeza kuti amaopa akufa. Chinamwali chikusonyeza zimene amaganiza pa ukulu ndi kubereka. Zoimba, zovina ndi zophika amazitchula ndithu, koma amazitchula ngati zokutira, ndipo amafulumira kuzifukula kuti apeze chikhulupiriro chimene akuchifuna pansi pake.

Aliyense amene anatulutsapo mwana kusimba amadziwa kuti zokutirazo ndizo ntchito yeniyeni. Chinamwali cha Ogasiti chimayamba mu Meyi, pamene banja likupatula thumba la chimanga ndi la mpunga lisanayambe kudya zokolola. Amayi amanyika chimera cha thobwa, amatola nkhuni kwa masabata, amagawana masiku operekera chakudya kundagala. Mjomba wa mwana, mwinimbumba, amaitanidwa ngakhale ali kutali, chifukwa popanda iye palibe chimene chingayambe. Abale amene sanalankhulane chaka chonse chifukwa cha malire a munda amakakamizika kukhala pamphasa imodzi, poti mwana sangatuluke pakhomo pali chidani. Mwana wamasiye amalowa limodzi ndi mwana wa mfumu, ndipo pa tsiku lotuluka onse amavala zatsopano, wina atamugulira bambo wake, wina atamusonkhera mudzi. Zimenezi ndizo zimagwira mudzi kuti usabalalike. Munthu amene akungofunsa za chikhulupiriro angathe kukhala pa Domasi zaka khumi ndi zinayi, monga anakhalira Hetherwick asanasamukire ku Blantyre mu 1898, n'kumaziona chaka ndi chaka, koma osaziyesa nkhani yoyenera kuikidwa pakati pa buku.

Kulephera kumeneku kunaonekera poyera pamene Chisilamu chinayamba kufalikira. Makanjira, kutsidya kwa nyanja, analowa Chisilamu cha m'ma 1870, ndipo mafumu ena akuluakulu anatsatira. Mu 1895 ankhondo a Kawinga ochokera kuphiri la Chikala anaukira dera la Malemia pafupi ndi mishoni ya Domasi, ndipo chaka chomwecho asilikali a boma la Britain anagonjetsa Kawinga, Jalasi, Mponda ndi Makanjira. Ambiri ankayembekezera kuti malonda a akapolo akatha ndipo njira za ku Kilwa zikatsekeka, chipembedzo chochokera kugombe chidzafota. Zimene zinachitika ndi zosiyana. Zaka zotsatirazo ndi pomwe mizikiti inachuluka m'midzi, ndipo aphunzitsi monga Shehe Abdallah bin Haji Mkwanda ndi Shehe Thabit bin Muhammad Ngaunje anayenda m'madera a kunyanja kuphunzitsa Qur'an ndi malamulo a chipembedzo.

Chisilamu chinalowa m'midzi imeneyi podzera pakhomo la zikondwerero. Jando la kugombe, la mdulidwe wathunthu, linatenga malo a lupanda, pa nyengo yomweyo ya chilimwe ndi pansi pa ulamuliro wa mafumu omwewo, ndipo mnyamata wotuluka ankatuluka ali Msilamu. Nsondo unachita chimodzimodzi kumbali ya atsikana pomwe kale panali chiputu. Madyerero okumbukira akufa anasanduka sadaka ya tsiku lachitatu, lachisanu ndi chiwiri ndi la arubaini. Mowa unachoka, thobwa ndi mpunga zinatsala, ndipo m'malo mothira ufa pansi pa mtengo anthu anayamba kukweza manja kupempha Allah kuti amukhululukire womwalirayo. Pambuyo pake tarika ya Qadiriya inabweretsa sikiri ndi mbendera zake, ndipo mmodzi mwa oifalitsa anali mayi, Mtumwa binti Ali wa ku Nkhotakota, amene anaitenga ku Zanzibar mu 1929. Ziyala, chikumbutso cha kubadwa kwa Mtumiki Muhammad (mtendere ndi madalitso zikhale pa iye) m'mwezi wa Rabiul Awwal, inakhala msonkhano waukulu wa pachaka wa midzi yambiri.

Amishoni ambiri a nthawi imeneyo anaziona zonsezi n'kunena kuti Chisilamu cha Ayao ndi chapamwamba chabe: kudulidwa, kukana nkhumba, kusala m'mwezi wa Ramadhan ndi kuvala kanzu. Anaweruza choncho chifukwa ankayeza ndi muyeso wawo womwe uja, wa zimene munthu angathe kufotokoza akafunsidwa. N'zoona kuti agogo athu ambiri sankadziwa kumasulira Chiarabu chimene ankawerenga. Koma chipembedzo chimene chasintha momwe mudzi umalandirira mwana ku ukulu, momwe umaikira maliro ndi momwe umawerengera miyezi ya chaka chalowa pakatikati pa moyo. Umboni wake ndi wakuti patapita zaka zoposa zana, m'chigwa chomwe chija cha mishoni, mizikiti ikadalipo, ndipo kalembera wa 2018 anapeza kuti Asilamu ndi pafupifupi anthu 14 mwa anthu 100 alionse m'dziko muno.

Mabuku awiri anachita bwino pang'ono, ndipo n'kofunika kudziwa chifukwa chake. Loyamba ndi Chiikala cha Wayao, lolembedwa ndi Yohanna Barnaba Abdallah n'kusindikizidwa ku Zomba mu 1919. Abdallah anali wansembe wa mpingo wa Anglican ku Unangu m'dziko la Mozambique, ndipo sankagwirizana nafe pa chipembedzo, koma analemba m'Chiyao ngati mwana wa pakhomo. Kwa iye maulendo a kugombe, amisiri osula zitsulo ndi bwalo la Mataka ku Mwembe zinali mbiri ya anthu ake, yoyenera kuisimba monyadira. Lachiwiri ndi The Yao Village la J. Clyde Mitchell la mu 1956, lochokera pa kafukufuku amene anachita m'midzi ya Ayao a kumwera kuno kumapeto kwa zaka za m'ma 1940. Mitchell anasintha funso. Iye anafunsa kuti ndani ali ndi ufulu wochititsa chinamwali, ndipo anapeza kuti ufulu umenewu, pamodzi ndi kuvala mlangali, nsalu yofiira ya kumutu, ndiwo unkasonyeza udindo wa nyakwawa pakati pa anzake. Anaona kuti chikondwerero ndi gawo la ulamuliro ndi ubale. Chimene chinamusowa iye ndi chimene Hetherwick anali nacho chambiri, kulemekeza mapemphero a anthu ngati chinthu chenicheni. Wina anaona chikhulupiriro n'kuphonya mudzi, wina anaona mudzi n'kupeputsa chikhulupiriro.

Nthawi zina munthu amaona bwino pakhomo pake akayang'ana pakhomo pa mlendo, ndipo dziko limene latithandiza pa nkhaniyi ndi Nepal, dziko la mapiri pakati pa India ndi China. Lili ndi anthu pafupifupi 29 miliyoni. Kalembera wawo wa 2021 anapeza kuti anthu oposa 80 mwa 100 alionse ndi Ahindu, ndipo Asilamu ndi pafupifupi asanu mwa 100, ambiri mwa iwo okhala kuchidikha cha kumwera chotchedwa Terai. Chikondwerero chawo chachikulu ndi Dashain, cha masiku 15, chimene chimagwa mu Seputembala kapena Okutobala. Tsiku loyamba amafesa mbewu ya balere m'nyumba. Tsiku lakhumi akuluakulu a pabanja amapaka ana ndi adzukulu pamphumi mpunga wosakaniza ndi mkaka wowawasa ndi utoto wofiira, n'kuwapatsa timmera ta balere tija pamodzi ndi mawu a madalitso. Patapita masabata ochepa pamabwera Tihar, ya masiku asanu, imene imathera pa Bhai Tika, tsiku limene mlongo amadalitsa mlongo wake wamwamuna ndipo iye amamupatsa mphatso.

Kupembedza kwa m'zikondwerero zimenezi, nsembe za mbuzi ndi njati zoperekedwa kwa Durga, n'kosiyana kotheratu ndi Tawhid yathu, ndipo sitikunena kuti tikutsanzire. Chimene tikuona ndi china. Nyengo ya Dashain ikafika, mzinda wa Kathmandu umapepuka chifukwa anthu miyandamiyanda amakwera mabasi kubwerera kumidzi ya kumapiri. Amuna ogwira ntchito ku Qatar, ku Saudi Arabia ndi ku Malaysia amayesetsa kupempha tchuthi pa nyengo imeneyi, ndipo olephera amatumiza ndalama n'kulandira madalitso a makolo pa foni. Mphamvu ya chikondwererochi ili pa mfundo yakuti dzanja la wamkulu liyenera kufika pamphumi pa wamng'ono, choncho wamng'onoyo ayenera kubwera kumudzi. Ife amene anyamata athu adzaza ku Johannesburg ndi ku Durban tikumvetsa kulemera kwa mfundo imeneyi. Ndipo tsiku la mlongo ndi mlongo wake silingadabwitse Myao, amene mudzi wake wonse unamangidwa pa mwinimbumba ndi alongo ake.

Anthu a ku Nepal nawonso amakangana pa zikondwerero zawo, ndipo mikangano yawo imafanana ndi yathu. Kufikira mu 2006 dziko lawo linali ufumu wa Chihindu mwalamulo, ndipo Dashain inali chikondwerero cha boma, mfumu ikudalitsa nduna ndi anthu ake. Mitundu ina ya kumapiri inayamba kuinyanyala ponena kuti anaikakamizidwa ndi olamulira. Ena amadandaula ndi ngongole zimene mabanja osauka amatenga kuti agule mbuzi ndi zovala zatsopano. Pa nthawi imene ufumu unkatha, boma linaika masiku a zipembedzo zina, kuphatikizapo Eid, pa mndandanda wa maholide. Kwathu kuno Eid-ul-Fitr inakhala holide ya dziko lonse mu ulamuliro wa Bakili Muluzi. Phunziro lake n'lakuti boma lingathe kupatsa chikondwerero tsiku pa kalendala, lingathenso kuchilanda n'kuchisandutsa chida chake, koma chimene chimachisunga chamoyo ndi ulendo wa mwana wobwerera kwa makolo ake. Paja akuluakulu anati kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka.

Tibwerere kwathu, kumene zolakwa ziwiri za olemba aja zapeza olowa m'malo. Cholakwa choyamba tikuchiona pa zikondwerero za pabwalo lalikulu. Zaka zapitazi mitundu yambiri yakhazikitsa misonkhano ya pachaka: Mulhako wa Alhomwe pa Chonde ku Mulanje, Umthetho pa phiri la Hora ku Mzimba, Umhlangano ku Ntcheu, pomwe Achewa amapita ku Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi pa Mkaika ku Zambia. Ayao nawo ali ndi Chiwanja cha Ayao. Palibe choipa pa kusonkhana kwa mtundu, ndipo kumva Chiyao chikulankhulidwa pa wailesi ndi pa kanema n'kokondweretsa. Koma tiyenera kuzindikira chimene chimachitika manganje akachotsedwa pa tsiku lotuluka anamwali n'kupatsidwa mphindi zochepa patsogolo pa mlendo wolemekezeka. Ovina amakhala ovala zofanana, ng'oma imakhala yabwino, koma palibe mwana amene akutuluka, palibe mayi amene akulira ndi chimwemwe poona kuti wake wabwera wamoyo. Zimafanana ndi inyago ya pa tsamba la buku la Sanderson. Ngati ana athu a m'tauni adzadziwe mwambo wawo kudzera pamenepo pokha, adzakhala alendo owonerera, monga analili azungu a ku Zomba.

Cholakwa chachiwiri ndi cha m'kati mwa mzikiti, ndipo n'chovuta kuchikamba. Kuyambira kale pakhala kusiyana pakati pa a Qadiriya, ochita sikiri pamaliro ndi pa ziyala, ndi a Sukuti, amene dzina lawo likuchokera ku liwu la Chiarabu lotanthauza kukhala chete. Kuyambira zaka za m'ma 1980, achinyamata ophunzira m'maiko a Aarabu anawonjezera mawu awo, nati sadaka ya arubaini, ziyala ndi zambiri za kundagala ndi bid'a. Kugamula kwa Sharia pa nkhani zimenezi ndi kwa mashehe odziwa, ndipo magazini ino si bwalo lake. Ifenso timavomereza kuti funso lakuti kodi ichi n'chololedwa ndilo loyamba kwa Msilamu aliyense. Chimene tikudandaula nacho ndi pamene funsolo likhala lomaliza. Mnyamata wobwera ndi satifiketi akaletsa sadaka ya bambo ake n'kubwerera kutauni tsiku lachiwiri la maliro, wayankha funso la chikhulupiriro, koma wasiya mayi ake wamasiye popanda tsiku limene abale adzabwerenso kudzakambirana za munda, za ngongole ndi za sukulu ya ana. Pa arubaini ndi pomwe zimenezi zinkakambidwa. Woletsa mwambowo ali ndi udindo woika china chololedwa m'malo mwake, chogwira ntchito yomweyo, chifukwa kusamala amasiye ndi kulumikiza ubale si miyambo ya Ayao chabe, ndi malamulo a chipembedzo chathu.

Osunga mwambo nawonso asaganize kuti nkhani ino ikuwakhululukira. Pali sadaka zimene zimatha nkhokwe yonse ya ana amasiye tsiku limodzi, odya n'kukhala anthu okhuta kale. Pali mabanja amene amakongola ndalama za katapira kuti ziyala kapena chinamwali chioneke chapamwamba kuposa cha oyandikana nawo, pomwe katapira ndi riba yoletsedwa poyera. Pali ndagala zimene zimasunga ana sukulu itatsegulidwa. Pali malangizo ena a kunsondo amene amauza mtsikana wa zaka khumi kuti wakula ndipo akayese zimene waphunzira, ndipo zotsatira zake timaziona m'mawodi a amayi oyembekezera. Malamulo a dziko, kuchokera pa lamulo la maukwati la 2015 ndi kusintha kwa malamulo oyendetsera dziko mu 2017, amakana ukwati wa munthu wosakwana zaka 18, ndipo Sharia imaletsa chiwerewere pa msinkhu uliwonse. Mwambo umene ukuwononga mwana amene unapangidwira kumulera wasiya ntchito yake, ngakhale nyimbo zake zikhale za makolo.

Chimene chimatilimbitsa mtima n'chakuti zikondwerero zathu zinasinthapo kale popanda kufa. Agogo amene anasiya lupanda n'kutenga jando, amene anachotsa mowa pa sadaka n'kusiya thobwa, anachita ntchito yovuta kuposa imene ikutiyembekezera. Sanafunse chilolezo kumishoni kapena kuboma. Anasunga nyengo, anasunga mphasa ya abale, anasunga mphika waukulu, n'kusintha chimene chinkatsutsana ndi chikhulupiriro chawo chatsopano. Lero m'midzi ina angaliba amagwira ntchito limodzi ndi achipatala, mwana amadulidwa ndi chida chakechake kenaka n'kukalandira malangizo kundagala, ndipo mafumu ena amakhazikitsa masiku olowera ndi otulukira mogwirizana ndi tchuthi cha sukulu. Magulu a amayi a Chisilamu ayamba kulangiza atsikana molingana ndi msinkhu wawo. Imeneyi ndi njira yomwe ija ya agogo, ndipo ndiyo tikuiyamikira. Muyeso wake ndi wapafupi. Chikondwerero chikatha, tifunse ngati chinali chololedwa pamaso pa Allah, ndipo tifunsenso kuti ndani wabwera kumudzi amene sakanabwera, ndani wadya amene akanagona ndi njala, ndipo mwana watuluka akudziwa chiyani chimene chidzamuteteze.

Pali ntchito imodzi imene yatsalira ife. Pa Domasi pomwepo, kumunsi kwa mishoni, pali Malawi Institute of Education, kumene amakonza maphunziro ndi mabuku a m'sukulu za dziko lino, paliponso koleji yophunzitsa aphunzitsi. Zimene mwana wa ku Makanjira kapena wa ku Chipoka adzawerenge za jando ndi za Eid m'kalasi zimadutsa m'chigwa chomwe chija m'mene Hetherwick analembera mawu ake oyamba a Chiyao. Olemba mabukuwo amagwiritsa ntchito zimene zilipo, ndipo zambiri zimene zilipo zinalembedwa ndi alendo. Sitingawadzudzule ngati ife sitinalembe kanthu. M'midzi yathu mukadali anakanga, anamkungwi ndi mashehe okalamba amene akukumbukira momwe ziyala inkayendera asanabwere magetsi ndi zokuzira mawu, amene akudziwa kuti ndani ankaphika, ndani ankaitana, ndi mudzi uti unkalandira unzake chaka chiti. Zinsinsi za kusimba zikhale kusimba. Koma dongosolo la chaka chathu, mayina a ntchito ndi a ozigwira, ndiponso nkhani ya momwe makolo anasankhira chosunga ndi chotaya, zimenezi n'zoyenera kulembedwa m'Chiyao ndi m'Chichewa eniake akadali moyo. Madrasa iliyonse ili ndi mwana wodziwa kulemba, ndipo nyumba zambiri zili ndi foni yotha kujambula mawu. Chinamwali cha chaka chino chisanathe, tikhale pansi ndi agogo amene atsala, kope lili m'manja.